Botolo la ku Beira pa Mwala wa aRosália

Anthu a m'midzi ya kumapiri kwa Lifidzi sankachoka pakhomo atavala za ku Misa. Njira inali yaitali, udzu unkadzuka ndi mame, ndipo m'dzinja matope ankakwera kupitirira akakolo. Mayi aliyense ankapinda vestidu lake, diresi la ku Misa, n'kulimanga m'kansalu, nsapato ngati anali nazo n'kuziika pamwamba, mtolowo n'kuusenza pamutu, iye atangomanga chilundu chakale cha kumunda. Kumunsi kwa misau, mishoni ya ansembe, kunkadutsa kamtsinje, ndipo kuseri kwa mabango kunali mwala waukulu wathyathyathya. Pamenepo m'pamene amayi ankatsukira mapazi ndi kuvalira. Abambo anali ndi malo awo chakumtunda, kumene kunkangomveka kutsokomola ndi mikangano ya ng'ombe.

Mwalawo anthu ankautchula kuti wa aRosália. Palibe amene anawapatsa, ndipo iwo sanaupemphe. Zinangochitika kuti kuyambira chaka chimene nkhondo ya azungu inatha, Lamlungu lililonse ankafika pamenepo anzawo asanafike, singano itabayidwa m'duku, ulusi woyera ndi wakuda uli m'thumba, pamodzi ndi kachidutswa ka kalilole kamene kankaonetsa diso limodzi ndi theka la mphuno. Anali mayi wamfupi, wa mapewa opapatiza, wosakonda kuseka mokweza. Mkazi akamaliza kuvala ankaima patsogolo pawo. ARosália ankangoti, "Tembenukani," ndipo mayi wobereka kale ana ambiri ankatembenuka ngati kamtsikana. Akaona mpendero womasuka ankausoka pomwepo, mwini wake ali chiimire. Akaona duku lomangidwa mwaulesi ankalimasula osapempha. Akangogwedeza mutu osanena kanthu, mwini chovala ankakwera chitunda cha ku gereja, tchalitchi cha misau, khosi lili gwa.

Anabadwira komweko, kwa alimi a chimanga ndi nyemba. Ali namwali analowa ntchito yochapa pa kantina, sitolo ya pamsewu, kwa Dona Margarida, mkazi wa Mpwitikizi mwini kantinayo. Anayamba ndi kuchapa, kenaka kusita ndi simbi ya makala, kenaka kusokerera mabatani, ndipo maso a Dona atayamba kuchita nkhungu anawalola kukhala pa makina. Kumeneko n'kumene anaphunzira kuti chovala sachiweruza pamaso, amachitembenuza kaye n'kuona misoko. Kumenekonso anadziwa mafigurinu, mabuku a zithunzi za zovala amene ankabwera kuchokera ku Lisboa atachedwa miyezi, m'makona mutapindika. Dona akatha kuwaona ankawaponya m'dengu la zoyatsira moto, aRosália n'kumawapulumutsa. Dona atamwalira, mwamuna wake anatseka kantina n'kutsikira ku Tete, makina aja n'kuwasiyira aRosália. Amuna awo, aCaetano, anali atapita kale ku minda ya fodya ku Rodeziya, ndipo chimene chinabwerako ndi jasi lawo lokha ndi uthenga wa maliro. Mwana wobereka okha analibe. Analera Albertina, mwana wa mng'ono wawo amene anamwalira pochira, ndipo mtsikanayo sanadziwe amayi ena.

Kantina itatsekedwa zithunzi sizinaleke kubwera. Anyamata obwerera kuchokera ku Beira ndi ku Halale ankakulungira mphatso zawo m'mapepala a mabuku otere, ndipo amayi ankadziwa kumene pepala lokhala ndi mkazi wovala liyenera kukathera. ARosália ankaliwongola ndi simbi yofunda, n'kuliyang'ana sabata yonse, Lamlungu n'kubwera pamwala ndi chigamulo.

Mapewa otukuka, oikamo thonje, amene anadzaza zithunzi nkhondo itangotha, anawakana. Ankati amasandutsa mkazi kukhala sipayo, msilikali wa boma wobwera kudzatenga msonkho, ndipo mayi akabereka mwana kumbuyo thonjelo limathawira m'khwapa. Zipewa zazing'ono zokhala pambali pa mutu ankati n'zabwino kudziko kopanda mphepo. Nsapato za gogoda ankazikonda mumtima, ngakhale okha sanavalepo. Ankalola atsikana kuzivala kuchokera pamwala mpaka pakhomo la gereja, koma potuluka ankawauza kuti avule, popeza nsapatoyo inapangidwira munthu amene kwawo kuli simenti. Za anthu amene amajambula zovalazi ku Ulaya anali ndi maganizo awo. Ankawaona m'mutu ngati azibambo okhala m'nyumba zosanja, amene chaka ndi chaka amakangana za bondo la mkazi: chaka chino alibisa, chaka chamawa alifukula, chaka chinacho aiwala kuti analiika pati.

Koma pamene zithunzi zinayamba kubwera ndi vestidu lothina m'chiuno, lotambalala kumunsi ngati dengu lovundikira, anthu anadabwa. Onse ankayembekeza kuti alikana chifukwa cha kudya nsalu. ARosália analikonda tsiku lomwelo. Anati m'vestidu lotere mkazi angathe kulumpha mzere wa chimanga, angathe kugwada mu gereja osagwira mpendero, ndipo mphepo ya kumapiri kuno ikalilowa limavina lokha. Amene analijambula, ankatero, amayi ake ayenera kuti ankalima. Komabe sanalitenge monga linalili. Analikweza pang'ono kuti lisatole chisoso, ndipo m'chiuno ankabisamo nsalu yopinda yodzamasula mtsogolo, chifukwa ojambula aja amaganiza kuti mkazi sakhuta ndipo satenga pakati.

Pa za fungo ndi pamene anali okhwima kwambiri. Mafuta a m'mutu amene anyamata ankabwera nawo kuchokera ku Joni ankati amanunkha ngati maswiti oiwalidwa padzuwa, ndipo ntchentche zinkawavomereza. Mafuta a nsatsi ankawalemekeza chifukwa amateteza khungu m'chisanu, koma ankati dzuwa likafika pamutu amayamba kunena za mwini wake. M'bokosi lawo la zovala ankaikamo masamba a mandimu ndi mpungabwi wouma. Linalipo fungo limodzi limene ankaliika pamwamba pa onsewa, koma limenelo sankalitchula pamwala.

M'chaka cha 1953, chimanga chitangokololedwa, Martinho anabwerera kuchokera ku Beira kumene ankagwira ntchito padoko. Anali atatomera kale Albertina, ankhoswe anali atagwirizana zonse, ndipo anabwera ndi nsalu yoyera yambiri ya vestidu la ukwati. Anabweranso ndi kabotolo kathyathyathya ka madzi achikasu, kamene anakatumiza kudzera mwa mlongo wake Francisca. Albertina anakabweretsa kwa amayi ake akuseka ndi manyazi. ARosália anatsegula chitsekero, n'kutsinzina. Anali kolonya. Linali fungo lija la khungu la ndimu ndi maluwa a malalanje, lozizira ngati m'mawa wa mu Junyu, limene kwa zaka zambiri ankalimva m'zovala za Dona Margarida pozisita. Anasangalala mpaka anaiwala kuganiza. Lamlungu loyamba lolengeza ukwati, iwo eni anam'dontheza mwanayo kuseri kwa makutu ndi m'mikono.

Mu gereja amayi amene anagwada pafupi ndi Albertina anayamba kusendera. Wina anaphimba mphuno ndi nsonga ya duku. Pamene maina a Martinho ndi Albertina ankatchulidwa, aAugusta, amayi a Martinho, anaimirira n'kutuluka panja, ndipo anthu anawamva akulavula.

Apo m'pamene aRosália anakumbukira chimene mtima wawo unali utalumpha. Dona Margarida anamwalira m'mwezi wotentha, mvula isanagwe, ndipo mtembo unadikira abale ochokera ku Tete. Mwamuna wake analamula kuti mabotolo onse a kolonya amene anali m'nyumba akhuthulidwe pa nsalu za m'bokosi, ndipo amene anakhuthula ndi aRosália. Tsiku la maliro gereja lonse linadzaza fungolo. Kwa aRosália linali fungo la munthu amene anam'dziwa ali moyo. Kwa ena onse, amene analimva koyamba tsiku limenelo, linali fungo la mtembo wa mzungu. Kuyambira pamenepo ankawatchula kuti mafuta a maliro, ndipo palibe wina amene anabweranso nawo m'midzimo. Martinho nthawi imeneyo anali kubusa, sankadziwa kanthu.

Sabata isanathe ankhoswe anabwera ndi mawu. AAugusta ankati sangalandire mtengwa amene walowa mu gereja tsiku la kulengeza kwake atanyamula fungo la kumanda. Amenewo ndi malodza. Ukwati akafuna achite, koma iwo sadzapondako, sadzaimba nthungululu, ndipo mtsikanayo asadzalowe m'nyumba mwawo. Aliyense ankadziwa kuti Martinho sangakwatire amayi ake atatembenuza msana. Ankhoswe anakankhira ukwati ku Agosto, nati mwina mitima izizira.

Albertina analira, n'kupempha kuti botolo liponyedwe mumtsinje anthu akuona. ARosália analibisa m'bokosi. Ankaona patali kuposa mwanayo. Kuliponya kukanakhala kuvomera kuti linalidi ndi imfa m'kati, ndipo dzina likanam'mamatira Albertina moyo wake wonse. M'banja limenelo pakanafa ngakhale mwanapiye, chala chikanaloza iye. Wofunika kutsukidwa sanali mtsikanayo, linali fungolo.

Poyamba anayesa pakamwa. Anapita kwa aAugusta, nawapeza akupeta nyemba pakhonde. Atalonjerana, anafotokoza kuti azungu amadzola mafutawa ali moyo, kuti Dona ankawadzola masiku onse m'nyumba mwake, ndi kuti pamtembo anathiridwa chifukwa cha kutentha basi. AAugusta anapitiriza kupeta.

"Inu munadzoza mtembo ndi manja anuwo," anatero osakweza maso. "Lero mwadzoza mwana. Ndiuzeni, mayi a Albertina, kusiyana kwake kuli pati?"

"Mtembowo tinauvekanso nsalu yoyera. Kodi mkwatibwi abwere atavala chiguduli?"

"Nsalu imathera pakhomo. Fungo limalowa m'nyumba, limakagona m'mabulangete. Ine mwana wamwamuna ndatsala naye mmodzi."

AAugusta anali ataika m'manda amuna awo ndi ana aamuna awiri, ndipo munthu wotere sum'gonjetsa ndi mawu ochenjera. ARosália anatsanzika. Panjira anaganizanso kuti mayiyo sanawatchule asewere ngakhale kamodzi, ngakhale kuti ankhoswe anali atamanga kale ubalewo.

Pobwerera anadutsa pamene anyamata ankaphunzitsa ng'ombe yaing'ono goli. Sankaimenya. Ankangoliika pakhosi pake pang'ono n'kuchotsa, kenaka n'kuikanso, ng'ombeyo ikudya. ARosália anaima n'kuyang'ana kwa kanthawi. Mphuno ya Lifidzi inakumana ndi kolonya kamodzi kokha, tsiku loipa. Inafunika kukumana naye kambirimbiri, masiku abwino.

Lamlungu lotsatira anadzola okha, ndipo sanaumire. Anakhala pamwala pawo, botolo lili poyera pambali pa ulusi. Amayi ankafika, kununkhiza, n'kuima patali. Koma mipendero inali itamasuka monga mwa masiku onse, maduku anali atapendekeka, ndipo mmodzimmodzi anasendera, mphuno atapotolera kumbali. ARosália ankasoka osatchula kanthu za botolo. Amene anathyola mantha ndi aFernanda, nkhalamba ya mano awiri imene inkakonda kuseketsa anthu ngakhale pamaliro.

"Ine ndayandikira kale," anatero potambasula mkono. "Ndipakeni ndiyambe kuzolowera."

Sabata yotsatira aFernanda anafika ali moyo ndithu, akufuula kuposa kale. Anauza mwala wonse kuti imfa sinabwere, koma amuna awo aZeferino, amene anasiya kale kuwayang'ana, akuwatsata pakhomo ngati mbuzi yaona mchere. Amayi anaseka mpaka ena anakhala m'madzi. Tsiku limenelo atsikana awiri anapempha, kenaka mayi wina woyamwitsa. ARosália sankapatsa mwachisawawa. Ankasankha amene ali ndi tsiku labwino: wovala vestidu latsopano, wochira kumene matenda, amene mwamuna wake wabwera kuchokera ku ulendo. Ankanyowetsa nsonga ya chala n'kukhudza kuseri kwa khutu, basi. Ankati kolonya ayenera kumveka kwa munthu amene wakupatsa moni, osati kwa amene ali kutsidya.

Zinkayenda bwino mpaka Lamlungu la ubatizo wa makanda. Francisca, mlongo wa Martinho uja, anafika pamwala ndi khanda lake lakumbuyo, mdzukulu wa aAugusta. Anadikira kuti anthu achepe, n'kunong'oneza kuti iye fungolo analikonda kuyambira tsiku limene analimva m'sutikesi ya mlongo wake, ndipo akufuna kuti mwana wake alandire dzina akununkhira. Chala cha aRosália chinaima pakamwa pa botolo. Inali nthawi ya chisanu, pamene m'mawa udzu umachita mbuu, ndipo chaka chilichonse chisanu chinkatenga makanda m'midzimo popanda kolonya aliyense. Akanatha kukana. Koma kukana mwana wa m'nyumba imeneyo kukanakhala kunena kuti nawonso akuopa. Anadontheza pa kansalu koyera ka ubatizo, ndipo mwanayo anakalandira dzina loti Silvestro.

Pakati pa sabata Silvestro anayamba chifuwa. Thupi linatentha, bere ankalikana, ndipo popuma m'chifuwa munkalira. Mbiri inayenda msanga kuposa munthu. AAugusta sanachite phokoso. Anangouza amene anabwera kudzazonda kuti iwo ananena.

Lamlungu limenelo aRosália anafika pamwala m'mawa monga mwa nthawi zonse, n'kuyala ulusi wawo. Ankamva mawu a amayi akuvalira chakumunsi, kuseri kwa mabango ena, pamalo oterera amene kale ankawanyoza. Palibe anabwera. AFernanda okha anadutsa, n'kukhala nawo pang'ono osanena nthabwala. Belu litalira aRosália anakwera chitunda okha, ndipo anaona kumbuyo kwa mavestidu amene iwo anasoka, ena mabatani atamangidwa mophonya, popanda wowauza. Ankadziwa dzina limene mkazi wamasiye, wopanda mwana wake, wodzoza mitembo, amapatsidwa khanda likafa. Ankadziwanso kuti dzinalo likagwera iwo, ukwati wa Albertina wathera pomwepo.

Atabwerera kunyumba anatulutsa jasi la aCaetano m'bokosi. Linali la ubweya wokhuthala, ndipo chiyambire kubwera kwake anali asanalilole kuti munthu alivale. Analiyala pamphasa, n'kulidula. Anasoka kajasi ka khanda kofika m'mapazi, ndi kachipewa kake, m'kati n'kuikamo nsalu yofewa kuti ubweya usam'yabwe. Anapita nako okha kwa aAugusta, kumene kunali khandalo. Anthu amene anakhala pabwalo anasiya kulankhula atawaona. AAugusta anatuluka m'nyumba, n'kuyang'ana kajasiko, n'kukatembenuza kuona m'kati. Ankalidziwa jasilo, monga mmene mudzi wonse unkalidziwira. Anakanunkhiza, napeza fungo la masamba a mandimu lokha. Analowa nako m'nyumba osathokoza. M'mawa mwake Francisca anam'nyamula mwanayo m'chisanu chonsecho kupita naye ku chipatala cha misau, atam'veka kajasi kaja.

Kaya anali mankhwala a ku misau, kaya ubweya, kaya tsiku lake linali lisanakwane, Silvestro anachira. Pofika kumapeto kwa Julyu ankalira mu gereja mpaka kuphimba mawu a wansembe. Amayi anabwerera pamwala ngati kuti sanachokepo, wina akudandaula za msana, wina akufunsa ngati kolala yozungulira idakalipo m'zithunzi. ARosália sanawakumbutse kanthu. Anangoti, "Tembenukani," n'kuyamba kukonza zimene zinawonongeka iwo kulibe.

Tsopano vuto linakhala lina. Aliyense ankafuna kolonya. Amayi a makanda ankati akufuna mafuta a Silvestro. Atsikana ankabwera ndi timipango kuti awadonthezere akasunge m'bokosi. Mtsikana wina anatumidwa ndi agogo ake amene sankathanso kuyenda. ARosália sanakane aliyense, chifukwa ankaona kuti munthu mmodzi womanidwa angathe kudzutsanso dzina lakale lija. Madzi achikasu ankatsika m'botolo sabata ndi sabata. Albertina ankaliika padzuwa n'kuliyang'ana, nakumbutsa amayi ake kuti mphatsoyo inali yake, ndi kuti iye anadzolako kamodzi kokha, tsiku limene linam'bweretsera misozi. ARosália anam'lonjeza kuti dontho lomaliza ndi lake, ndipo litatsala limenelo anatseka botolo n'kumata phula pachitsekero.

Kwa aAugusta kunali zii. Ankhoswe anati tsiku la ukwati lakhazikika, Martinho anati amayi ake sanakanize, koma sananenenso kuti abwera. Mayiyo chiyambire sankavalira pamwala. Ankabwera atavala kale nsalu yawo yakuda ya biriwita kuchokera kunyumba, nati munthu sapita kwa Mulungu kukaonetsa misoko. Choncho panalibe pomuonera mtima.

Vestidu la Albertina aRosália analisoka monga munthu amene akuyankha mlandu. Linali lothina m'chiuno, manja ake ofika m'zigongono chifukwa cha mphepo ya Agosto, kumunsi lotambalala kotero kuti polisita linadzaza mphasa yonse. Mabatani ake anawakuta ndi nsalu yomweyo mmodzimmodzi, kuyambira pakhosi kutsika msana. Tsiku la ukwati analisenza okha pamutu m'lichero lalikulu, litaphimbidwa, osalola wina kulikhudza. Pamwala panadzaza amayi. Anam'tsuka mkwatibwi mapazi, anamuimika pamphasa, anamuveka. Atamanga batani lomaliza aRosália anabwerera m'mbuyo, n'kumuuza kuti atembenuke. Vestidu linazungulira, n'kutsalira pang'ono, n'kum'peza mwini wake. Amayi anausa moyo pamodzi. ARosália anagwedeza mutu.

Anatulutsa botolo, nakanda phula ndi chikhadabo. Atalipendeketsa, pakona pake panasonkhana kadontho, kokwanira chala chimodzi. Apo m'pamene mabango anagwedezeka, amayi n'kupatuka. Anali aAugusta. Anavala chilundu chakumunda, ndipo pamutu anasenza kamtolo. Anakatula pamwala, n'kumasula. M'katimo munali vestidu la buluu la ku Beira, limene Martinho anawagulira ndipo anali asanalivalepo, mizere ya popinda ikuonekabe. Anavala pamaso pa onse osayang'ana munthu. Atamaliza anayang'ana botolo limene linali m'manja mwa aRosália.

"Ndamva kuti aFernanda adzola," anatero. "Ana a sukulu adzola. Mdzukulu wanga wadzola, mpaka mbereko yanga ikununkha zomwezo, ndachapa sizikuchoka. Mafuta wagula ndi mwana wanga, wanyamula matumba padoko mpaka mapewa kuchita zipsera. Lifidzi yense wanunkhira. Ine amene ndinam'bereka ndine ndalakwa chiyani?"

"Munati ndi a maliro."

"Ndinatero. Nanga mwafa angati?"

AFernanda anayamba kuseka, koma anadzigwira pakamwa. ARosália anayang'ana kadontho kaja, n'kuyang'ana Albertina. Anali atalonjeza, ndipo lonjezo kwa mwana ameneyu anali asanaliphwanyepo. Anangotambasula dzanja, botolo lili pakati pa mkwatibwi ndi apongozi ake.

Albertina analitenga. Anayamba kupinda maondo kuti agwade, ndipo aRosália anavula msangamsanga chilundu chawo chapamwamba n'kuchiponya pamwala kuti nsalu yoyera isakhudze ndere. Mtsikanayo anagwada, anapendeketsa botolo pachala, n'kudikira. AAugusta anawerama. Chala chinakhudza kuseri kwa khutu limodzi, ndipo la kumanzere linangolandira chinyezi chotsala. Mayiyo anaweramuka pang'onopang'ono, n'kukoka mpweya, nkhope itakwinyika ngati munthu wolawa ndiwo za kwa eni.

"Ndi ndimu chabe," anatero. "Phokoso lonseli."

Anam'gwira Albertina m'mikono n'kumudzutsa. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nagwira nsalu ya m'chiuno ndi zala, napeza popinda pobisika paja. Anaifinya pang'ono, ndipo anamvetsa ntchito yake. Anatembenukira kwa aRosália.

"Mwasiya malo okwanira, asewere?"

"Okwanira ngakhale mapasa."

AAugusta anam'kokera mtengwa wawo pachifuwa, tsaya ndi tsaya, kwa nthawi yaitali kuposa mmene mwambo umafunira, ndipo pom'siya Albertina anali atatengako pang'ono fungo la mphatso yake. Kenaka mayiyo anaika dzanja pakamwa n'kuimba nthungululu. Mawu anatuluka osasa, chifukwa panali patapita zaka asanaimbe, koma kachiwiri anamveka mpaka kumtunda kwa abambo, kumene Martinho ankamanga tayi. Amayi onse analandira. Belu linali lisanalire, koma aAugusta anali atayamba kale kukwera chitunda, atagwira dzanja la Albertina, akuuza anthu kuti apatuke mwana wawo adutse.